Mwana Akafika ku Kabula Akaone Chiyani?

Lero ndikufuna ndicheze ndi makolo anzanga, makamaka inu amene muli ndi ana ang'onoang'ono, a zaka 3, 5 kapena 7, amene mwakhala mukuwalonjeza kuti tsiku lina mudzapita nawo ku tauni. Mwana saiwala lonjezo, ndiye ulendowo upangeni ndithu. Koma musananyamuke, tiyeni tifunsane kaye: mwanayo akafika ku Blantyre akaona chiyani?

Ndikufunsa chonchi chifukwa ulendo wa kumapeto kwa sabata ndi waufupi. Munyamuka Loweruka m'mawa, Lamulungu masana mwayamba kale kulongedza. M'maola ochepa amenewo, ana ambiri amene timapita nawo mumzinda amangoona msana wa munthu amene wakhala kutsogolo kwawo m'minibasi, miyendo ya anthu mumsika wa Limbe, ndi katundu wa m'mashopu amene sitingathe kuwagulira. Amabwerera kwawo atatopa, ena akulira, ndipo chimene aphunzira n'chakuti tauni ndi malo a anthu andalama, kumene iwo ndi makolo awo amangodutsa. Ine zimenezo zimandiwawa. Mzinda uja ndi wa mwana wanu monga ulili wa mwana wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, ndipo muli zinthu zimene ayenera kuziona ndi maso ake, zambiri mwa izo zosafuna ndalama zochuluka.

Tiyambe ndi msewu, pakuti kwa mwana ulendo umayamba galimoto ikangolira. Inu ochokera m'chigawo chapakati mukuidziwa M1: Dedza, Lizulu, Ntcheu, kenako Chingeni pamene galimoto zimalipira pa chipata kuyambira mu 2021, Phalula, mpaka pa mlatho wa Zalewa. Pa Zalewa pamenepo, mwana ngakhale ali m'tulo, mudzutseni. Muuzeni kuti uwu ndi mtsinje wa Shire, umachokera ku nyanja ya Malawi n'kukathira mu Zambezi. Muuzeni kuti magetsi amene akawaone akuyaka usiku mumzinda, ambiri amapangidwa pa mtsinje womwewu, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mwana wa Sitandade 2 sangamve zonse, koma akadzamva dzina la Shire m'kalasi adzaimika mkono, chifukwa anauona. Inu a ku Mulanje ndi ku Thyolo muli ndi minda ya tiyi panjira, a ku Zomba muli ndi phiri la Chiradzulu likukuperekezani chapatali. Mwanayo mpatseni mpando wa pawindo.

Ndati mpando. Kondakitala adzakuuzani kuti, "Mwanayo pamwendo, mayi," ndipo inu poganiza za ndalama mudzavomera. Ngati ndi khanda, palibe vuto. Koma mwana wa zaka 6 kumunyamula pamwendo kuchokera ku Ntcheu mpaka ku Wenela n'kuzunza anthu awiri nthawi imodzi. Ngati thumba likulola, mulipirireni mpando, ndipo ngati n'kotheka kwerani basi yaikulu. Pamwamba penipeni pa chikwama ikani jumbo, kansalu ndi zovala zosinthira, pakuti ana ambiri osazolowera galimoto amachita chizungulire n'kusanza, ndipo nthawi imeneyo sipakhala mpata wofukula pansi pa chikwama. Chimodzi chokha ndikukupemphani mwamphamvu: mukatsika, musakweze banja lonse pa kabaza wa njinga yamoto. Timawaona tsiku ndi tsiku, bambo kumbuyo, mayi pakati atabereka khanda, kamwana kena atakakhazika pa thanki kutsogolo, onse opanda helemeti. Dikirani minibasi, kapena yendani pansi pang'onopang'ono.

Ambiri a ife tikapita mumzinda sitigona ku malo ogona alendo. Timafikira kwa achimwene ku Ndirande, kwa azakhali ku Bangwe, kwa alamu ku Chilomoni kapena ku Machinjiri. Ndi mwambo wabwino, ndipo ndi umene umadziwitsa ana abale awo. Koma imbani lamya sabata isanathe, musangotulukira pakhomo ndi ana atatu. M'bale wanu wa m'tauni amagula chilichonse: makala, mayunitsi a magetsi, ndiwo, ngakhale madzi osamba. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukwezedwa mapiri onse aja ndi mphamvu ya magetsi. N'chifukwa chake sachedwa kusowa m'mipopi, ndipo n'chifukwa chake mayi wa pakhomopo amayang'anitsitsa mwana akamaseweretsa madzi. Tengani kaufa, nyemba, mtedza, kaya nkhuku. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo usiku umodzi kapena uwiri ndi wokwanira kuti mudzalandiridwenso ndi chimwemwe.

Tsopano Loweruka lija. Ine ndikanakhala inu, ndikanayambira pa Chichiri, ku Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1966. Anthu ambiri okhala mu Blantyre momwemo amaidutsa tsiku lililonse koma sanalowemo. Funsiranitu kwa amene mwafikirako za nthawi yotsegulira ndi ndalama ya pakhomo. Musanalowe n'komwe m'nyumbamo, panja pali zinthu zimene zimamuimitsa mwana: injini ya sitima yakalekale ya mu 1902, galimoto yozimitsira moto, ndi basi ya nthawi imene dziko lino linkatchedwa Nyasaland. Zachita dzimbiri, inde, koma mwana saona dzimbiri. Amaona gudumu lachitsulo lotalika ngati iye, amalizungulira, amasuzumira pansi pake, kenako amafunsa kuti, "Adadi, chimenechi chimayenda?" Musamukoke dzanja kuti tiyeni. Mwabwerera zimenezo.

Ndipo pamenepo ndi pamene mungamuuze nkhani ya makolo ake. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, kuchokera ku Nsanje, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa Port Herald. Isanafike, katundu wambiri wa azungu ankabwera pa sitima za pamadzi mu Shire mpaka kwa Katunga, chakumunsi kwa Chikwawa, ndipo kuchokera kumeneko ankamusenza pamutu ndi anthu, amtengatenga, kukwera naye mapiri onse a Thabwa aja mpaka kufika kuno. Inu amene munadutsapo msewu wa ku Chikwawa pa galimoto, mukudziwa mmene injini imalirira pa chitunda chimenechija. Agogo a agogo athu ankakwera pamenepo ndi mapazi, mtolo uli pamutu. Mwana akamva zimenezi ataima pafupi ndi injini ija, sadzaonanso mzindawu ngati wa eni ake ena.

M'kati mwa nyumbayo muli zida zakale za makolo athu, za kumunda, za kuuzimba ndi za pakhomo, komanso zinthu za Gule Wamkulu, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005. Ana ena amaopa akafika pamenepo, ndiye agwireni dzanja. Mafunso amene angafunse pa za gule, kholo lililonse likudziwa lokha mmene liyenera kuyankhira malinga ndi mwambo wa kwawo. Ngati agogo ali ndi mphamvu zoyenda, atengeni pa ulendowu. Iwo akaona mbiya kapena khasu lakale amakhala ndi nkhani imene siinalembedwe pa kapepala ka pagalasi.

Malo achiwiri amene ndingakonde kuti mwana wanu awaone ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, ku Mishoni, pafupi ndi sukulu ya HHI. Kaya ndinu a CCAP, kaya Akatolika, kaya Asilamu, pitani mukaone, pakuti mzinda wonsewu unayambira pamenepo. Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika pa malo amenewa, m'dera la Mfumu Kapeni. Amene anasankha malowo ndi Henry Henderson, ndipo anali ndi womutsogolera ndi kumumasulira, Tom Bokwito, dzina limene sitilitchula kawirikawiri. Malowo anawatcha Blantyre potengera mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Tchalitchicho chinayamba kumangidwa mu 1888 n'kutha mu 1891. Amene anatsogolera ntchitoyo, M'busa David Clement Scott, sanaphunzire zomangamanga, ndipo amene anaumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisanja anali anthu a m'midzi yomweyi, amene anali asanamangepo nyumba yotere chibadwire. Scott yemweyu ndi amene anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndiye ngakhale chiyankhulo tikuyankhula panochi chili ndi mbiri pa malo amenewa.

Mukafika, musangojambula chithunzi chapatali n'kumapita. Msendezeni mwana pafupi ndi khoma. Aone kuti njerwazo sizofanana: zina n'zamakona, zina n'zozungulira, zina anaziumba mwapadera kuti zipange maluwa ndi mizere. Ayike kadzanja kake pa njerwa imodzi, kenako ayang'ane m'mwamba mpaka khosi liwawe. Muuzeni kuti njerwa wagwirayo anaiumba ndi munthu wa kuno, zaka zoposa 130 zapitazo, ndipo mvula yonse imene yagwa kuchokera nthawi imeneyo sinaigwetse. Ine sindidziwa phunziro lina loposa limeneli limene mungampatse mwana m'mphindi 10. Kumbukirani chabe kuti ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero, ndiye ngati muli ukwati kapena mapemphero, dikirani panja mwaulemu.

Mphamvu zikatsala, pali nyumba ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Ana okulirapo auzeni kuti mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anabwera ku sitolo ya kampani imeneyi usiku kudzafuna mfuti. Tulutsani K500 kapena K2,000 m'thumba, muwaonetse nkhope ya Chilembweyo. Koma ndati mphamvu zikatsala. Malo awiri pa tsiku ndi okwanira kwa mwana wamng'ono. Pamene inu mwaponda kamodzi, iye waponda katatu, ndipo akayamba kulira popanda chifukwa, chifukwa chilipo: njala, ludzu, tulo kapena chikodzo. Pezani mthunzi, mukhale pansi.

Apa ndiyankhuleko ndi abambo anzanga. Kaonekedwe ka banja likuyenda m'tauni timakadziwa tonse. Bambo ali kutsogolo mamita 20, manja ali m'thumba kapena ali pa foni. Mayi ali kumbuyo, khanda kumsana, chikwama paphewa, dzanja lina akukoka kamwana kamene nsapato ikukapweteka. Madzulo bambo adzati ulendo unayenda bwino, pamene mayi akuti sadzayerekezanso. Bambo, nyamulani chikwamacho. Mwana akatopa mukwezeni paphewa, ndipo ali pamenepo adzaona mzinda m'malo mwa miyendo ya anthu. Ana amakumbukira zimenezo mpaka kukula.

Za chakudya sindichulutsa. Mwana akapempha tchipisi cha pa chiwaya mugulireni, koma chikhale chotentha chochokera pamoto inu mukuona. Saladi wa kabichi wosaphika musiyeni, ndipo mafirizi ndi madzi a m'timajumbo amene simukudziwa kumene anatungidwa, akaneni. Sitinaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tengani madzi anu m'botolo, owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kasopo m'chikwama. Mazira owiritsa, mbatata, nthochi ndi zitumbuwa zochokera kunyumba zidzakupulumutsirani ndalama yambiri. Ngati ndi mu Juni kapena Julaye, musaiwale majuzi, chifukwa chiperoni cha ku Blantyre chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo mwana wochokera ku Nsanje kapena ku Salima sanachizolowere.

Tsopano nkhani imene imasowetsa makolo tulo, kusochera kwa mwana. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu pafupifupi 800,000, ndipo Loweruka masana zimaoneka ngati onsewo ali mu Limbe. Mwana amasowa pa nthawi imene mukuwerenga chenji. Tsono taganizani: mwana wanu akudziwa dzina lanu lenileni? Kumudzi aliyense amakuitanani make Chisomo, bambo ake Chisomo, ndipo mwanayo amangodziwa kuti ndinu amayi ndi adadi. Wapolisi akamufunsa kuti mayi ako ndani, adzayankha kuti, "Amayi." Mphunzitseni dzina lanu lonse, mudzi wanu ndi boma lanu, mpaka azitchula ngati nyimbo. Lembani nambala yanu ya foni pa kapepala, muike m'thumba la kabudula kapena muimangirire pa lamba wa diresi. M'mawa mujambuleni ndi foni atavala zovala za tsikulo. Muuzeni kuti akasochera asathamange, aime pomwepo, ndipo auze wapolisi wa yunifolomu kapena mayi amene akugulitsa malonda pafupi. Inunso a m'tauni, mukaona kamwana kakulira kokha pa siteji, musangodutsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Podutsa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, mugwireni pa mkono, osati pa zala, chifukwa zala zimapulumuka. Mwana wa kumudzi anazolowera msewu umene galimoto imadutsa mwa apo ndi apo, sadziwa kuti kuseri kwa minibasi imene yaima kukubwera ina. Poyenda m'mbali mwa msewu, inu mukhale mbali ya galimoto, ndipo maso akhale pa ngalande zosatseka. Ku mpira waukulu, monga Bullets ikamakumana ndi Wanderers, kapena ku chikondwerero chilichonse cholowa ulere, mwana wamng'ono musapite naye. Pa 6 Julaye 2017, pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8 anafa popondana, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Bwalo la Kamuzu Stadium mukhoza kumuonetsa tsiku lopanda masewero, pamodzi ndi chipilala cha ufulu chimene chili pa msewu pomwepo, n'kumuuza za 6 Julaye 1964.

Sindikunena kuti ku mashopu a pa Chichiri musapiteko. Pitani, mwana alawe ayisikirimu, akankhe tirole, aone. Koma muuzeni muli kunyumba kuti ndalama ya zimenezi ndi yakuti, ndipo asankha chinthu chimodzi. Mwana amene wauzidwiratu salira ngati amene wakanizidwa pamaso pa anthu. Ndipo ku mashopu kukhale komalizira, osati koyambira, chifukwa mukayambira kumeneko ndalama ndi mtima wa mwana zonse zithera komweko.

Mzinda udzamuonetsanso zinthu zimene simunakonze. Adzaona ana amsinkhu wake akupempha pa maloboti, opanda nsapato, ndipo adzakufunsani kuti amayi awo ali kuti. Musamuyankhe kuti amenewo ndi akuba. Muuzeni zoona, kuti ena alibe makolo, ena kwawo kulibe chakudya, ndipo si mmene ziyenera kukhalira. Akayang'ana phiri la Soche n'kufunsa za zipsera zimene zili pamenepo, muuzeni za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, mmene matope ndi miyala zinatsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Muyeze mawu malinga ndi msinkhu wake, koma musamunamize. Madzulo mutulutseni panja, makamaka ngati mwafikira m'dera lokwera, aone magetsi a mzinda atayala m'zigwa ndi m'mapiri. Zimenezo n'zaulere, ndipo kwa mwana amene wakulira pa koloboyi kapena pa tochi ndi nkhani ya mwezi wathunthu.

Ndisanatseke, mawu awiri kwa akuluakulu a makhonsolo a mizinda yathu, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Mayi amene ali pakati pa tauni ndi mwana wa zaka 3 amene wati "ndikufuna kubiba" apite naye kuti? Zimbudzi za aliyense, zaukhondo, zokhala ndi madzi, n'zochepa kwambiri. Malo oti banja likhale pa kapinga, ana n'kusewera pa katungwe popanda kulipira kapena kugula chakumwa, nawonso akusowa, ndipo pamene panali malo otere timangoona mpanda wa malata ndi maziko a nyumba. Dziko lino pafupifupi theka la anthu ake ndi ana osafika zaka 18. Pokonza mizinda, awerengereni. Ndipo zinthu zakale zimene zili panja pa Museum zikufunika denga ndi penti, kuti ana a ana athu adzazipeze.

Lamulungu musachedwe. Kaya mwapita ku mapemphero ndi amene mwafikirako, idyani msanga, tsanzikani, mukakwere dzuwa likadali pamutu. Kuyenda usiku ndi ana pa misewu yathu si kwabwino, ndipo Lolemba kuli sukulu. M'galimoto afunseni chimene chawasangalatsa koposa, ndipo muwamvetsere mpaka amalize.

Makolo anzanga, musadikire kuti mudzakhale ndi galimoto yanu kapena ndalama zambiri. Sungani pang'onopang'ono ya thiransipoti, imbirani abale anu lamya, sankhani Loweruka limodzi, ndipo mupite nawo anawo akaone injini ija ndi kugwira njerwa zija.